Ku Mbare Musika, Kumene Chitsulo Chimavekedwa Malaya

Mzinda wa Harare umadzukira ku Mbare. Pofika 4 koloko m'bandakucha, anthu a ku Borrowdale ndi Avondale akali m'tulo, malole ochokera ku Mutoko, Murehwa ndi Domboshava amakhala atafika kale pa Mbare Musika ndi tomato, anyezi, kabichi ndi repu. Nthochi zimachokera kuchigwa cha Honde, mbatata ya kachewere imatsika kumapiri a Nyanga, pamene kapenta amachokera kunyanja ya Kariba. Anyamata okankha ngolo zamanja amang'amba khamu akukuwa kuti anthu apatuke, amayi opikula akunenerera mitengo, ndipo chapafupi pomwepo mabasi opita kumidzi ya m'zigawo zonse za Zimbabwe akuitana okwera. Mawu akuti musika ndi Chishona, koma Mmalawi safuna womasulira, pakuti ndi msika womwewo.

Mlendo wofika pano maso ake amathamangira ku zakudya ndi kuchuluka kwa anthu. Chimene sachiona msanga ndi chitsulo, ngakhale kuti msika wonse watsamira pa icho. Ngolo, sikelo, ndowa, mbaula, malata a pamashedi ndi mabasi omwe, zonsezi n'zachitsulo, ndipo chilichonse mwa izo chili pankhondo ndi mdani mmodzi, dzimbiri. Mdani yemweyu ndi amene akusowetsa tulo akatswiri a sayansi ku Germany ndi ku South Africa, amene akufunafuna njira yotchipa yotulutsira mpweya wa haidrojeni m'madzi. Zida zogonjetsera mdaniyo zili pansi pa nthaka ya Zimbabwe ndi Malawi. Funso ndi lakuti, kodi adzazisula ndani?

Mudzi wa machona

Mbare ndi imodzi mwa malokesheni akale kwambiri m'dziko la Zimbabwe. Inakhazikitsidwa mu 1907 ndipo kwa zaka zambiri inkatchedwa Harari. Dziko litalandira ufulu mu 1980, pamwambo umene unachitikira m'bwalo la Rufaro ku Mbare komweko, mzinda wa Salisbury unatenga dzina lakuti Harare mu 1982, ndipo lokesheniyi inatsala ndi dzina lakuti Mbare.

Kwa ife olankhula Chichewa, kuno si kuchilendo. Makolo ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete ankafikira kuno pofuna ntchito, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi. Ambiri ankagona m'nyumba zosanja za amuna okhaokha monga za Matapi, zimene lero mukukhala mabanja mothithikana. Ena sanabwererenso kumudzi, nasanduka machona. Ashona ankawatcha Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ndipo mpaka lero Gule Wamkulu, amene kuno amamutcha zvigure, amatuluka pamaliro ndi pazikondwerero. Adzukulu a anthu amenewa anavutika lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, pamene ambiri anayamba kuwerengedwa ngati alendo m'dziko lobadwira, kufikira malamulo aakulu a dziko a mu 2013 atawatsegulira njira yobwezeredwa unzika. Ambiri mwa makolo aja anali anthu a ntchito zamanja: osoka, ophika, omanga ndi okhoma zidebe.

Kwa amisiri a ku Siyaso

Mukachoka pamsika wa ndiwo n'kuyenda pang'ono, mumafika ku Magaba, dzina limene m'Chishona limatanthauza zitini. Kumeneko kuli Siyaso, mudzi wa amisiri. Phokoso la nyundo limakulonjerani musanaone munthu. Pali owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, opanga ngolo za ng'ombe, okhoma ndowa, osungunula zitsulo zakale n'kuumba miphika, ndiponso ogulitsa mabawuti ndi zipangizo za galimoto zimene m'masitolo a m'tauni zinasowa kalekale. Malowa anagwetsedwa mu Meyi 2005 pa chipasupasu cha Murambatsvina, koma amisiri anabwerera n'kuyambanso.

Mmisiri aliyense wa kuno amadziwa kuti ntchito siithera pa kuwotcherera. Geti losapakidwa kanthu likangovumbidwa mvula imodzi limayamba kufiira, chifukwa chitsulo chikakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya wa okosijeni chimabwerera ku chikhalidwe cha mwala umene chinachokerako. N'chifukwa chake mmisiri wosamala amayamba wapala chitsulo mpaka chiwale, amachotsa mafuta onse, amapaka penti wofiira wa pansi, ndipo kenaka ndi pamene amapaka wokongoletsa. Wachinyengo amangopaka wonyezimira pamwamba pa dzimbiri, wogula n'kudzaona zoona zake mu Febuluwale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malata amene tafolera nyumba zathu ndi chitsanzo china. Lata ndi chitsulo wamba chimene anachiviika m'zinki wosungunuka. Zinkiyo ndi amene amadyeka poyamba, chitsulo cha m'kati n'kupulumuka kwa zaka zambiri. Moto ukawotcha lata, malaya a zinki aja amapserera, ndipo lata lotere silimaliza dzinja. Anthu a ku Mbare akuzidziwa bwino zimenezi, chifukwa usiku wa pa 8 Okutobala 2024 moto unanyeketsa gawo lalikulu la msika wa ogulitsa, anthu zikwi zingapo n'kutaya katundu wawo. Msika watsopano unatsegulidwa mu 2025.

Phunziro la ku Siyaso ndi lakuti mtengo wa chinthu chachitsulo nthawi zambiri umagona m'kachikuto kopyapyala ka pamwamba pake. Phunziro limeneli ndi limene latifikitsa pa nkhani ya haidrojeni.

Mpweya wobisika m'thumba la feteleza

Kodi mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika ali nawo chiyani mpweya wa haidrojeni? Yankho lili m'munda. Masamba ndi chimanga zimene zimafika pamsikawu zimakula ndi feteleza wobereketsa, amene alimi a ku Zimbabwe amangomutcha AN. Fetelezayu, monganso yureya amene timathira ku Malawi, amapangidwa kuchokera ku amoniya, ndipo amoniya amapangidwa pophatikiza nayitrojeni wa mumlengalenga ndi haidrojeni. Dziko lonse lapansi linagwiritsa ntchito matani pafupifupi 97 miliyoni a haidrojeni mu 2023, ndipo wochuluka anachokera ku gasi wa pansi pa nthaka ndi malasha. Kilogalamu imodzi ya haidrojeni wochokera ku gasi imasiya mumlengalenga makilogalamu pafupifupi 10 a mpweya wa kaboni, umene ukusokoneza nyengo. Komanso gasi akakwera mtengo, monga zinachitikira mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itabuka, thumba la feteleza limakwera ku Murehwa ndi ku Mchinji komwe.

Njira ina ilipo. Madzi ndi haidrojeni ndi okosijeni zolumikizana, ndipo magetsi amatha kuzilekanitsa. Malita 9 a madzi oyera amatulutsa kilogalamu imodzi ya haidrojeni ndi makilogalamu 8 a okosijeni, ndipo ntchitoyi imadya mayunitsi a magetsi pakati pa 50 ndi 55. Magetsiwo akachokera ku dzuwa, mphepo kapena mathithi, haidrojeni wake amatchedwa wobiriwira, kutanthauza kuti sanasiye utsi m'mbuyo.

Zimenezi si zachilendo m'dziko la Zimbabwe. Pafupi ndi tauni ya Kwekwe, kampani ya Sable Chemical Industries inayamba mu 1972 kulekanitsa madzi pogwiritsa ntchito magetsi a ku Kariba, n'kumapanga amoniya ndi feteleza. Makina ake ankadya mamegawati pafupifupi 100 ndipo anali m'gulu la makina aakulu kwambiri a mtunduwu padziko lonse. Anagwira ntchito zaka zoposa 40, kufikira mu 2015 pamene anazimitsidwa chifukwa cha kukwera mtengo ndi kuperewera kwa magetsi, kampaniyo n'kuyamba kudalira amoniya woitanitsa kunja. Ndiye kuti kwa mbadwo wathunthu, ndiwo za pa Mbare Musika zinkakula ndi chinthu chimene mayiko olemera lero akuchitcha chatsopano.

M'kati mwa makina

Makina a ku Kwekwe anali a mtundu wakale, ogwiritsa ntchito madzi a potashi. M'makina a mtundu umenewu zitsulo zimakutidwa ndi nikelo kuti zisadyeke. Ndi olimba ndiponso otsikirapo mtengo, koma ndi aakulu, ndipo amakonda magetsi obwera mosadukiza. Magetsi a dzuwa ndi mphepo amakwera n'kutsika ndi mitambo. Pachifukwa ichi ambiri akutembenukira ku makina a mtundu wotchedwa PEM, amene ndi aang'ono ndipo amatsatira msanga kusinthasintha kwa magetsi.

Pamtima pa makina a PEM pali kachikopa kopyapyala ngati pepala la pulasitiki. Mbali imodzi ya kachikopako imapakidwa iridiyamu, ndipo kumeneko madzi amasweka, okosijeni n'kutuluka. Mbali inayo imapakidwa pulatinamu, kumene haidrojeni amatulukira. Kachikopako kamapanikizidwa pakati pa mbale zachitsulo zimene zimabweretsa magetsi ndi madzi, ndipo zigawo zotere zimasanjikizidwa zambirimbiri ngati mabuku pashelefu.

Mbali ya okosijeni ndi malo ankhanza kwambiri kwa chitsulo. Muli asidi, muli kutentha kofika madigiri 80, muli okosijeni weniweni, ndipo magetsi akukankha ndi mphamvu ya mavoti pafupifupi 2 pa chigawo chilichonse. Chitsulo wamba chimasungunuka m'kanthawi kochepa, ndipo tizidutswa take timawononga kachikopa kaja. N'chifukwa chake mbalezo amazipanga ndi titaniyamu, chitsulo chopepuka koma chokwera mtengo ndiponso chovuta kusula. Titaniyamu nayenso ali ndi khalidwe lake. Amadziteteza pomera kakhungu pamwamba pake, ndipo kakhunguko sikalola magetsi kudutsa bwino. Dalaivala aliyense wa minibasi akudziwa zimene zimachitika mitu ya batire ikamera zoyera: batire ndi yodzaza, koma galimoto silira. Zomwezo zikachitika m'makina a haidrojeni, magetsi ambiri amangosanduka kutentha, ndipo mtengo wa kilogalamu iliyonse umakwera.

Pofuna kupewa zimenezi, opanga makina amaveka titaniyamu malaya a pulatinamu kapena golide. Malayawa ndi opyapyala zedi, moti kawirikawiri mutang'amba tsitsi limodzi la munthu m'zigawo 100, gawo limodzi lingawapose kuchindikala. Komabe makinawo akachuluka, kachikuto kameneka kamasanduka ndalama zambiri.

Kusaka malaya atsopano

Kafukufuku wa masiku ano akuyenda njira zitatu. Yoyamba ndi yosintha chitsulo cha m'kati. M'malo mwa mbale ya titaniyamu yekhayekha, akatswiri akuyesa chitsulo chosachita dzimbiri chofanana ndi cha masipuni ndi masinki, n'kuchikuta ndi titaniyamu wochepa. Mu 2017 ofufuza a ku German Aerospace Center mumzinda wa Stuttgart analengeza zotsatira za mbale zotere zokutidwa ndi titaniyamu ndi nayobiyamu, zimene zinapirira maola oposa 1,000 m'makina popanda chitsulo cha m'kati kudyeka. Chokutiracho amachipopera chitasungunuka m'lawi lotentha koopsa, kapena amachiwaza ngati nkhungu m'chipinda chopopedwa mpweya wonse.

Njira yachiwiri ndi yofuna cholowa m'malo mwa pulatinamu wa pamwamba pa mbale. Akuyesa nayobiyamu, kaboni, ndiponso titaniyamu wophatikiza ndi nayitrojeni, amene ndi chokutira chooneka ngati golide chija timachiona pa mano a zobowolera zitsulo m'masitolo a hadiweya.

Njira yachitatu ndi yochepetsa iridiyamu. Chitsulo chimenechi n'chosowa kwambiri, moti migodi yonse ya padziko imatulutsa matani 7 kapena 8 okha pachaka, pamene makina okwana mamegawati 1,000 amafuna makilogalamu mazana angapo. Akatswiri akuphunzira kumwaza iridiyamu mopyapyala pamwamba pa ufa wa zitsulo zotchipa, monga mmene mayi wanzeru amafalitsira mafuta ochepa mundiwo zambiri. Ena akukonza makina a mtundu wina amene angagwire ntchito ndi nikelo ndi chitsulo wamba basi.

Vuto la njira zonsezi ndi lomwe lija la ku Siyaso. Chokutira chiyenera kumata pa chitsulo choyeretsedwa bwino, chiyenera kufika m'makona ndi m'mphepete, ndipo kabowo kamodzi kochepa ngati nsonga ya singano n'kokwanira kulowetsa asidi amene amadya chitsulo chamkatikati, pamwamba pakuonekabe bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti geti likachita dzimbiri mwini wake amalipakanso, pamene makina a haidrojeni amayembekezeka kugwira ntchito maola zikwi makumi angapo osatsegulidwa. Maola 1,000 a m'chipinda chofufuzira ndi chiyambi chabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chuma cha pansi pa mapazi athu

Tawerengani mayina a zitsulo zimene tatchulazi, kenaka muyang'ane mapu. Pakati pa Zimbabwe padutsa mtandadza wa miyala wotchedwa Great Dyke, wotalika makilomita pafupifupi 550. M'menemo muli migodi ya Zimplats ku Ngezi, Unki ku Shurugwi ndi Mimosa pafupi ndi Zvishavane, imene yaika Zimbabwe pa nambala yachitatu pa mayiko okumba pulatinamu, kutsatira South Africa ndi Russia. Iridiyamu alibe mgodi wakewake, amatuluka pang'onopang'ono pamodzi ndi pulatinamuyo. M'miyala yomweyi muli kuromu, amene amapangitsa chitsulo kuti chisachite dzimbiri. Ku Malawi, nayobiyamu ali ku Kanyika m'boma la Mzimba, kumene chiphaso cha mgodi chinaperekedwa mu 2021, ndipo ku Kasiya m'boma la Lilongwe kunapezeka mwala wa rutile, gwero la titaniyamu, wochuluka kuposa malo ena onse odziwika padziko.

Komatu kukhala ndi mwala ndi kwina, kudziwa kuusandutsa malaya a chitsulo ndi kwina. Miyala ya pulatinamu ya ku Zimbabwe imaperedwa ndi kusungunulidwa pang'ono konkuno, monga ku Selous, koma kulekanitsa komaliza kwa pulatinamu ndi iridiyamu kumachitikira ku South Africa. Kuchoka kumeneko zitsulozo zimapita ku Ulaya, America ndi Asia, kumene zimapakidwa pa zipangizo. Zina zimabwerera kuno zitabisika m'mipope ya utsi ya magalimoto akale ochokera ku Japan, m'kabokosi kosefa utsi kamene ogula zitsulo zakutha amakalipira kuposa chiwalo china chilichonse cha mpopewo. Wogulitsa mwala amalandira ndalama kamodzi. Wodziwa kupaka amalandira pa chipangizo chilichonse chimene chatuluka m'fakitale yake.

South Africa inaiona nkhaniyi msanga. Mu 2008 boma la dzikolo linakhazikitsa ndondomeko ya Hydrogen South Africa, n'kugawa ntchito ku University of Cape Town, Mintek, North-West University, CSIR ndi University of the Western Cape, cholinga chili chakuti pulatinamu wa dzikolo azituluka ngati chipangizo chopangidwa. Ku Zimbabwe, mu Malichi 2023 kampani ya ku France ya HDF Energy inasainirana mgwirizano ndi bungwe logawa magetsi la ZETDC wofuna kumanga malo opangira magetsi a dzuwa osungidwa mu haidrojeni ku Middle Sabi m'boma la Chipinge. Mgwirizano wa papepala si fakitale, komabe ukusonyeza kumene mphepo ikulowera.

Zoyenera kuyamba lero

Tisanamizane kuti amisiri a ku Siyaso ayamba mawa kupaka iridiyamu. Ntchito imeneyo imafuna zipinda zopanda fumbi ndi makina a ndalama zambiri. Imafunanso magetsi odalirika, chinthu chimene anthu a ku Mbare anachisowa mu 2019 ndi kumapeto kwa 2022, pamene madzi a ku Kariba anatsika ndipo magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, owotcherera n'kumagwira ntchito usiku. Dziko limene silingayatse makina owotcherera masana liyenera kuyamba lakonza zimenezo.

Koma pakati pa nyundo ya ku Magaba ndi chipinda cha ku Stuttgart pali makwerero ambiri, ndipo apansi ake tingathe kuwakwera. Malo alionse opangira haidrojeni amafuna mapaipi, mathanki, mafelemu onyamula mapanelo a dzuwa ndi zosefera madzi. Zonsezi zimafuna anthu odziwa kuwotcherera chitsulo chosachita dzimbiri, kuviika m'zinki, kukuta ndi nikelo, ndi kuyeza ngati chokutira chamata. Masukulu oti aphunzitse zimenezi alipo kale: Harare Polytechnic, Harare Institute of Technology, University of Zimbabwe, ndi ku Malawi yunivesite ya MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014 ndipo imaphunzitsa za zitsulo. Bungwe la SIRDC ku Hatcliffe linakhazikitsidwira kafukufuku wothandiza mafakitale. Chofunika ndi chakuti boma likamakambirana ndi eni migodi, lisamangowerenga msonkho ndi matani, koma lifunenso zipangizo zoyezera m'masukuluwa, malo ophunzirira ntchito, ndi njira yopatsira satifiketi mnyamata amene luso analitengera pa benchi ya amalume ake.

Pali chenjezo limodzi. Ntchito yokuta zitsulo imasiya madzi a asidi ndi poizoni wa kuromu ndi nikelo. Mtsinje wa Mukuvisi umadutsa m'mphepete mwa Mbare n'kukathira mu Manyame, amene amadzaza nyanja ya Chivero, kumene anthu a mu Harare amamwa. Luso latsopano likabwera popanda lamulo losamala zotayidwa, mpweya udzayera ku Ulaya madzi akuda kuno.

Wokwera basi ya ku Bulawayo pa Mbare Musika amadutsa pa Selous patatha ola limodzi ndi pang'ono, m'mphepete mwa zitunda za Great Dyke. Akapitirira Chegutu ndi Kadoma amafika kufupi ndi Kwekwe, kumene madzi analekanitsidwa kwa zaka zoposa 40. Mwala, mbiri ya fakitale ndi manja a amisiri zili pamsewu umodzi wosafika makilomita 250. Zimene atsogoleri a Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique agwirizane ndi makampani a migodi m'zaka zikubwerazi ndi zimene zidzanene ngati mwana wa ku Matapi adzakhala wonyamula miyala kapena woveka chitsulo malaya.